Cheke chikabwezedwa ku banki: njira yomwe ndimatsata

Munthu wa kuno ku Kasungu akandipeza ndi cheke chomwe banki yakana, mwina cha soya kapena feteleza amene anagulitsa, ndimayamba ndi chifukwa chimene banki yalemba. Mawu oti "Refer to drawer" nthawi zambiri amatanthauza kuti muakaunti mulibe ndalama zokwanira. Koma cheke chimabwezedwanso ngati siginecha yasiyana, ngati manambala sakugwirizana ndi mawu, kapena ngati chadutsa miyezi 6 chisanapite ku banki. Izi zimatheka kukonza polemba china.

Tsiku lomwelo kapena mawa lake ndimalembera mwini cheke kalata yomudziwitsa, yokhala ndi nambala ya cheke, tsiku lake, ndalama zake ndi masiku oti alipire, mwina 7 kapena 14. Asayine pakope yanu kuti walandira. Foni yokha siyikwanira, mawa adzakana.

Lamulo la Bills of Exchange Act limatenga wosayina cheke ngati munthu amene analandirapo kanthu, ndiye ntchito yotsutsa ndi yake. Komabe ine sindidalira chekecho chokha. Kukhoti mudzamva akuti chinali chikole chabe, kapena kuti matumba anali osakwana, soya anali wonyowa, kapena kuti theka analipira kale pa Airtel Money. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, chifukwa anagulitsana pakamwa, mokhulupirirana.

Choncho ndimasonkhanitsa umboni wa ngongole yeniyeniyo: invoisi, pepala losayinidwa polandira katundu, chiwerengero cha matumba ndi makilogalamu a pasikelo, dzina la dalaivala ndi nambala ya galimoto, sitetimenti ya ku banki. Mauthenga a pa WhatsApp oti "ndikupatsani mwezi ukatha" ndi amtengo wapatali, pakuti munthuyo wavomera yekha. Musawafufute, ndipo foniyo isungidwe. Ngati analipirako pang'ono, chotserani ndalamazo moona mtima. Kutchula ndalama zopitirira kumaononga mlandu wabwino.

Onetsetsani dzina lomwe lili pacheke. Ngati ndi la kampani, mukusumira kampaniyo, osati bwana amene anasayina.

Masiku aja akatha, ndimapita kwa kalaliki wa khoti la majisitireti kukatenga samani, ndipo m'menemo ndimatchula zonse ziwiri, cheke ndi katundu wosalipiridwa. Ndalama zikakhala zambiri kuposa mphamvu za majisitireti, mlandu umapita ku High Court ku Lilongwe. Mlandu wa ngongole yotere uyenera kuyambika pasanathe zaka 6.

Ambiri amathamangira kupolisi. Apolisi amalowapo pakakhala chinyengo, monga kutenga katundu ndi cheke cha akaunti yotsekedwa kale, koma sindiwo otolera ngongole.

Mukapambana ndipo munthuyo osalipira, bwererani kukhoti mukapemphe chilolezo choti asherifu akalande katundu wake. N'chifukwa chake ndisanasume ndimafufuza kaye ngati ali ndi galimoto, sitolo kapena katundu wina wolembedwa m'dzina lake.