Kompuresa yatsopano inafa patangotha masiku anayi

Ndadikira kuti mtima ukhale pansi kaye, chifukwa ndikanalemba sabata ziwiri zapitazo bwenzi ndikungokalipa. Deep freezer yomwe ndimasungiramo nkhuku ndi mafiriziz pa golosale yanga ku Ndirande inasiya kuzizira kumayambiriro kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mmisiri amene ndinamuitana anangogwira kompuresa, injini yopopa gasi woziziritsa, n'kunena kuti yapsa. Ndinakagula yatsopano ku Limbe. Ola limodzi silinakwane, anali atawotcherera kale mapaipi, wathira gasi, walandira ndalama zake, ulendo.

Masiku atatu inazizira bwinobwino. Tsiku lachinayi ndikutsegula m'mawa ndinamva ikung'ung'uza pang'ono, kenako khethe, zii. Pakapita mphindi zingapo iyambirenso chimodzimodzi. Kuigwira kompuresa, kutentha ngati ayironi. Nkhuku za pamwamba zinali zitayamba kale kufewa, ndipo ndinazigulitsa motchipa tsiku lomwelo.

Chimene chimandiwawa mpaka pano ndi tsiku lomwe ndinataya kusitolo komwe ndinagula kompuresayo. Pafoni anandiuza kuti ndibwere nayo. Ndinalipiranso munthu woti aichotse, ndinaikulunga m'thumba la saka, ndinakwera nayo minibasi, mafuta ake akudonthera pa chitenje changa. Ndinafika 9 koloko. Akuti abwana atuluka, dikirani. Ndinakhala pabenchi, golosale yotseka, osadya kanthu, mpaka 3 koloko masana. Abwanawo atafika sanaiyeze n'komwe. Anayang'ana lisiti n'kufunsa kuti, "Mayi, nanga filter drier yatsopano munagula kuti?" Ndinati drier n'chiyani? Basi nkhani inathera pomwepo, akuti sabweza kompuresa yoikidwa pa drier yakale. Nanga tsiku lomwe ndinkagula lija pakamwa panali potseka? Kachitsulo kake, kosefa zinyalala ndi chinyezi m'mapaipi, n'kotalika ngati chala, mtengo wake sufika ndi pang'ono pomwe pa wa kompuresa. Akanandiuza pafoni paja sindikanataya tsiku lonse.

Ndiye inu, mukamasintha kompuresa, drier isinthidwenso. Mmisiri akakana, musamulole kuyatsa moto wake.

Mmisiri wachiwiri anali bambo wachikulire, wosafulumira. Anayamba ndi relay ndi overload, tizipangizo ta m'mbali mwa kompuresa toidzutsa ndi kuidula ikatentha, ati nthawi zambiri anthu amataya kompuresa yabwino chikhalirecho chafa ndi relay basi. Relay ija anaigwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati yasweka mkati. Inali bwino. Kenako anatenga mita yake n'kuyeza timapini titatu ta pa kompuresa, C, S ndi R. Anandifotokozera kuti nambala ya pakati pa S ndi R iyenera kufanana ndi ya C ndi S kuphatikiza ya C ndi R, komanso pini iliyonse isalumikizane ndi chitsulo cha kunja. Atakhudzitsa pa chitsulocho mita inalira. "Mayi, iyi yapita, mawaya apsa mkati."

Sanathamangire kundituma ina. Anadula drier yakale ndi sowo, timikanda ta mkati tinatuluka takuda bii. Mafuta anawathira papepala loyera, anali oderapo ndi fungo loŵaŵa la zopserera. Ati kompuresa ikapsa imasiya asidi ndi zinyalala m'mapaipi monse, yatsopano ikalowa imamwa zomwezo. Atapopera mpweya wa nitrogen m'kapaipi kopyapyala kaja kotchedwa capillary, mpweya unkatuluka movutikira kwambiri. Kanali katatsekeka. Gasi amene amabwerera ku kompuresa ndi amene amaiziziritsa, ndiye njira ikatsekeka imangotentha mpaka overload kuidula, kuyambanso, kudulanso. Khethe uja anali ameneyo.

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti mmisiri woyamba uja anachotsa timphira totseka mapaipi a kompuresa yatsopano n'kupita kukasaka ndodo zowotcherera, n'kuisiya pululu mwina theka la ola. Bambowo anangopukusa mutu. Firiji yanga ndi ya gasi wa R134a, ndipo mafuta a kompuresa zotere amakoka chinyezi cha mumpweya msanga. Chinyezicho chimakaundana pa capillary. Pampu ya vacuum, yokoka mpweya ndi chinyezi m'mapaipi, analibenso, anangotulutsa gasi pang'ono kuti fyuu, akuti wathamangitsa mpweya. Ine ndinali chiimire pomwepo, ndikuona ngati ndi mmene zimakhalira.

Ntchito yachiwiriyi inatenga tsiku lathunthu. Anatsuka mapaipi, anaika capillary ina, drier yatsopano, ndipo timphira tija anatichotsa atatsala pang'ono kuwotcherera. Pampu inakoka mpaka geji yake inafika pa 500 microns, muyezo wosonyeza kuti mpweya watheratu m'mapaipi, anaizimitsa n'kudikira kuti aone ngati nambala ikwera. Gasi anachita kumuyeza pa sikelo, magalamu omwe alembedwa pa chipepala cha kuseri kwa firiji. Chipepalacho muziwerenga musanapite kogula, chifukwa mafiriji ambiri atsopano ndi a R600a, gasi woyaka moto, ndipo kompuresa zake ndi zosiyana. Ndipo drier, ndabwerezanso, ilembedwe pa lisiti limodzi ndi kompuresa.

Ndaiwala za magetsi. Amayenera kukhala 230V, koma atayeza pa soketi yanga madzulo anali otsikirapo, komanso ekisitenshoni yomwe ndinkagwiritsa ntchito inali ya waya wowonda. Anandiuza ndiitaye, ndigule fridge guard, kachipangizo kamene kamadula magetsi akatsika kapena akakwera kwambiri, n'kudikira mphindi zingapo akabwerera. Kompuresa ikazima n'kuyaka nthawi yomweyo imalimbana ndi mphamvu ya gasi yomwe isanatsike, ndipo imalephera kudzuka.

Lero ndi tsiku la 12 ikuzizira, ikumazima yokha n'kuyakanso mwakachetechete. Ngongole ya kompuresa yachiwiri ndikubwezabe ku banki m'khonde. Drier yodula ija ndaisunga m'kabati ya ndalama, ndipo mmisiri woyamba uja sakuyankhabe foni yanga.