Njoka yoyera ya kwa landilodi

Inu amene mukundiimbira foni n'kumangoseka osanena kanthu, imvani kwa mwiniwake. Njoka zanga zomwe mwamvazo si zokhwimira. Ndi ma corn snake, kwawo ndi ku America, zilibe ululu, ndipo mlamu wanga wa ku Joni anandigulitsa ziwiri atalumbira kuti zonse ndi ma het. Het ndi njoka yooneka wamba koma yobisa jini (kanthu ka m'thupi kotengera ku makolo) yochotsa kuda pakhungu. Jiniyo ndi yamanyazi, siionekera pokhapokha mwana aitenge kwa mayi ndi kwa bambo omwe. Ikatero, kanjoka kamatuluka kowala, kofiirira mosakaniza ndi kuyera, maso psuu ngati tomato, mtengo wakenso wina.

Masamu ake ndi a Mendel, uja wa nsawawa mu Biology ya ku sekondale: mwana mmodzi pa anayi. Mazira anali 12, ndiye zitatu zanga. Ndinakafunsiratu mtengo wa njinga yamoto pa Kamuzu Road. Miyezi iwiri ndikulera mazira m'kontena ya ayisikilimu, kunyowetsa mchenga, dzuwa la Salima likufuna kuwaphika. Makolo awo akudya mbewa, ine bonya.

Anaswa onse 12. Onse mbuu ngati agogo awo. Mendel musamunene, dzira lililonse limachita mayere akeake, ndipo mwayi woti onse 12 aphonye ndi pafupifupi 3 pa 100. Mwayi wotero sunandigwerepo pa mpikisano uliwonse, unadikira njoka.

Lachitatu m'mawa ndinawerenga, zili 11. Ndisanabwereze, kukhitchini kwa landilodi kunamveka "Mayo ineee!" Ndinapeza amayi ali pamwamba pa mtondo, mthiko m'manja. Pansi, kanjoka koyera mbee kakuyenda mwaulemu ngati mkwatibwi.

Abale, ndinagwada. Misozi inalengeza. Ndinaiwala kuti dzulo lake kanali kambuu, ndinaiwalanso kuti yomwe ndinkayembekeza siyera chonchi. Ndinangoona njinga yamoto ikukwawa. Ndinakanyamula ndi manja awiri n'kufuula, "Yabwera! Ndalama yanga yabwera!" Mawu amenewa, pamaso pa mudzi wonse, munthu utagwira njoka, ndikuvomereza kuti sanasankhidwe bwino. Agogo ena anayamba pemphero. Ine ndikumwetulirabe, ndinakapukuta ndi chala kuti ndione maso. Kuyera kunatsalira pachala. Ndinapukutanso. Ndinauzira. Ufa woyera unandibwerera kumaso, kanjoka n'kumandiyang'ana ndi maso ake akuda bii.

"Achimwene, ufa wanga mwaulodza," anatero amayi, akadali pamtondo.

Ndinayesa kujambula bokosi la Punnett, lija losonyeza masamu a Mendel, padothi kuti ndifotokoze. Atangoona mizere inayi ndi zilembo, ana anathawa.

Ufa wonse unatayidwa, ndalipira chimanga thini imodzi ndi yachigayo yomwe, ndipo nyumba andipatsa mpaka pa 30. Foni ya mlamu sikupezeka. Njoka zilipo 12, kuphatikizapo makolo awo zikukwana 14. Mbewanso zakwera mtengo.