Zikomo nonse amene munatigwira dzanja pa ukwati wa mwana wanga

Papita sabata chichitikireni ukwati wa mwana wanga wamkazi kuno ku Leicester, ku England, ndipo maluwa a mehndi amene anandijambula m'manja sanafufutike. Ndati ndikuthokozeni akadaoneka.

Tsiku limene mwanayu anandiuza kuti wapeza mnyamata wachimwenye, Mhindu wa mtundu wa Agujarati, sindinaone tulo. Bambo ake anatisiya zaka zinayi zapitazo, ndiye nkhani yotereyi ndikanapangana ndi ndani? Mwanayo mtima unali pa diresi loyera ndi keke, ngati anzake amene anakulira nawo kuno. Akuchimuna ankafuna wansembe wawo ndi moto wopatulika pansi pa chisakasa chokongoletsedwa chimene amati mandap.

Ndiyambe ndi inu agogo a mkamwini wanga. Nditalowa m'nyumba mwanu mtima uli m'mwamba, munati, "Takulandirani mayi, mwayenda bwanji?" Chichewa cha ku Limbe kumene munabadwira, musanasamukire kuno m'zaka za m'ma 1970, muja boma la Kamuzu linkachotsa amwenye a masitolo kumidzi. Misozi inangotsika yokha. Ndinu amene munayenda nane mu Belgrave Road sitolo ndi sitolo, kundiphunzitsa kupinda sari, nsalu yovala amayi achimwenye, mpaka nditadziwa.

Lamulo la kuno linatithandiza kugawa masiku. Ukwati wa ku ofesi ya boma umafuna kulembetsa kusanatsale masiku 29, ndipo salolako pemphero kapena nyimbo yachipembedzo. Choncho Lachisanu mwana anavala diresi lake loyera n'kusaina, madzulo ake abusa athu anabwera kunyumba kudzawapempherera awiriwo. Abusa, simunafunse zambiri, munangotsegula Baibulo. Mulungu akudalitseni. Loweruka linali la mandap.

Alongo anga, munachoka ku Dedza kudzaima pamene akanaima malemu. Kwa Agujarati, sari yoyera ya m'mphepete mofiira, panetar, amagula ndi malume a mkwatibwi, ndipo ndi malume yemweyo amene amamuperekeza kukafika naye pamoto paja. Atakufotokozerani munangoti, "Nanga si udindo wathu womwewu wa kumudzi?" Munayenda naye pang'onopang'ono, dzanja lake lili m'dzanja lanu, ine ndikuona nkhope ya bambo ake.

Chimene chinandilemera kwambiri ndi mwambo wa pakhomo. Mayi wa mkwatibwi amalandira mkwati n'kumugwira mphuno, kumukumbutsa kuti wabwera modzichepetsa kudzapempha mwana wa eni. Ife tinakula tikudziwa kuti mpongozi ndi mkamwini amapatukirana njira, ngakhale kuyang'anana m'maso sayang'anana. Ndinasunga nkhawayi milungu itatu ndisanawauze asewere anga, mayi a mnyamata. Sanandiseke. Anati adzaima pambali panga, ndipo kungokhudza chabe n'kokwanira. Tsikulo anyamata ena amazemba kuti asagwidwe, koma mkamwini wanga anawerama yekha, maso pansi, n'kudikira. Ndinamukhudza ndi zala ziwiri. Mwananga, ulemu umene unandipatsa pamenepo sindidzauiwala.

Awiriwo anazungulira moto kanayi, anaponda mapazi asanu ndi awiri pamodzi, mpunga ndi maluwa zikugwa pamitu pawo.

Amayi a kumpingo, mutamva kuti nyama isaonekeko, ndiponso kuti keke ikhale yopanda mazira, munayamba mwayang'anana. Komabe munadzuka mbandakucha, munaphika nsima, nyemba ndi mpiru wotendera, mukuziika pafupi ndi dhokla ndi puri za anzathu, ndipo m'mapoto simunatsale kanthu. Achinyamata amene munaphunzira gule wawo wa garba kwa mwezi wathunthu kuti mbali yathu isakhale pamipando, zikomo. Itakwana nthawi ya perekaniperekani, agogo aja ndi amene anayamba kuimirira, ndalama ili m'manja, akuwafotokozera abale awo m'Chigujarati zoyenera kuchita.

Mapoto awiri aakulu amene munatibwereka ndawatsuka, ndibwera nawo kutchalitchi Lamulungu.