Valavu yomwe inafika Lachisanu

Sabata yathayi ndinali pa shifiti ya usiku, ndipo mpaka pano mtima sunatsike ndi zomwe zinachitika Lachitatu. Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo: kusintha matayala awiri, kuthira oyilo, paipi ya hydraulic yodontha pa ndege ina, ndi mapepala osayina osatha aja. Ndagwira ntchito ya injini za ndege kuno ku Johannesburg zaka 14, moti usiku wotere kwa ine ndi wopumira.

Lachitatu cha m'ma 10 koloko inalowa Boeing 737-800 yomwe anzathu oyang'ana manambala a injini akhala akuidandaula. EGT margin ya injini yakumanja, mpata wotsala kuti kutentha kwa mpweya wotuluka mu injini kufike pa malire, inkatsika pang'onopang'ono kwa masabata atatu, kenako inagwa kamodzin'kamodzi. Pa injini ya mtundu umenewu, CFM56-7B, malire a kutenthako ponyamuka ndi madigiri 950, ndipo kuno bwalo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, choncho masana a Disembala dzuwa likaswa mtengo, injini yotopa sichedwa kuwayandikira malirewo. Nditatsegula buku la ndegeyo ndinapeza kuti vuto la valavu ya HPTACC, yowongolera kampata ka pa nsonga za mabuledi a mu injini, linalembedwa kale. Pansi pake panali mawu amene ndatopa nawo kuwawerenga: sipeyala yaitanitsidwa.

Amene munakulira m'nyumba ya malata mukudziwa mmene denga limalirira masana likamakula ndi dzuwa, n'kuliranso madzulo likamabwerera m'chimake. Mu turbine, gawo la injini lomwe mabuledi ake amazunguzidwa ndi mpweya wamoto, n'chimodzimodzi, kungoti zitsulo zake sizikula pamodzi. Mabuledi ndi opyapyala, amatentha msanga, komanso amakokeka chifukwa akuzungulira maulendo oposa 14,000 pa mphindi. Disiki yomwe yawagwira ndi chitsulo chochindikala, chimachedwa kutentha, chimachedwanso kuzizira. Casing, chigoba chakunja cha injini, ndi shroud, mkombero wozungulira nsonga za mabuledi, zili ndi liwiro lawolawo. Pakati pa nsonga ya buledi ndi shroud pamafunika kampata kakang'ono zedi. Kakakula, mpweya wotentha umazembera pamwamba osagwira ntchito, mafuta n'kumapsa ambiri. Kakatsekeka, chitsulo chimadya chinzake. Ntchito ya valavu ija ndi kusakaniza mpweya wa siteji 4 ndi wa siteji 9 wa compressor, gawo lopanikiza mpweya usanafike pa moto, n'kuupemerera pa chitsulo chogwira shroud kuti chikule kapena chifupike mogwirizana ndi disiki. Ikakanirira mbali ya mpweya wozizirirapo, shroud imafinya mabuledi pa nthawi imene atalika kwambiri.

Abwana oyang'anira shifiti anabwera ali ndi foni kukhutu. Ndegeyo inayenera kunyamuka 6 koloko m'mawa kupita ku Cape Town, ndipo ankafuna borescope, kamera yoonera m'kati mwa injini, ilowe nthawi yomweyo. Injini inali isanathe ngakhale ola chiizimitsireni. Ndikugwira nayo ntchito ndi mnyamata wa ku Chipata amene akuphunzira kumene, ndipo chifukwa choopa bwana anali atayamba kale kumasula pulagi yotseka bowo lolowetsera kamerayo.

"Mphwanga, siya kaye," ndinamuuza. "Ika dzanja pafupi apo, usakhudze. Wamva?"

"Kukuotcha, achimwene."

"Ndiye kamera ija ikalowa itulukamo yamoyo?"

Abwana anati ndikuchedwetsa ntchito dala. Ndinawayankha kuti buku likunena kuti injini izizire kaye, ndipo dzina lopita pa pepalalo ndi langa. Zinandipweteka chifukwa iwonso anagwirapo sipanala, akudziwa kuti mazinga a pulagi yotentha amalumana, ndipo ukawakakamiza umawononga bowo lonse. Chinanso, borescope yathu yokhala ndi mutu woyezera inathyoka mu Ogasiti, ndipo mpaka lero akuti akudikira chilolezo cha ndalama. Yomwe yatsalayo imangoonetsa chithunzi, siyeza. Tinaipukusa injiniyo ndi starter kuti mphepo idutsemo, n'kudikira.

Itakwana 2 koloko tinalowa. Mnyamata uja ankazunguza N2, shafuti yomwe imazunguza mabuledi aja, pang'onopang'ono, ine maso pa sikirini, kuwerenga mabuledi onse 80 limodzilimodzi. Oyambirira anali bwino. Pa la nambala 17 ndinamuuza kuti aime. Nsonga yake inali yonyezimira ngati mpeni wongonola kumene pa mwala, utoto wa ceramic woteteza ku moto utasupuka m'mphepete. Pa shroud panali mzere wokumbika, woonekeratu kuti china chake chakhala chikupala pamenepo. Tinapitiriza. Mabuledi 11 anali odyeka nsonga, atatu anali ndi ming'alu yotsika kuchokera pamwamba. Umodzi unkaoneka wautali, wolunjika ku timabowo todutsa mpweya woziziritsa.

Koma ndi maso okha sungalembe kuti mng'alu wapyola malire kapena ayi. Ndinayenda ndekha usiku umenewo kupita ku hangar ya kampani ina kukapempha borescope yawo, ngati munthu wopempha moto kwa aneba. Mkulu wa kumeneko anandibwereka popanda funso, anangopukusa mutu. Nditayeza, mng'aluwo unali utapyola zomwe buku limalola. Ndinayezanso kachiwiri, kenako ndinamupatsa mnyamata uja kuti ayeze yekha osamuuza nambala yanga. Anapeza yomweyo. Ndinalemba kuti ndegeyo siuluka.

Abwana anandifunsa ngati sitingailole ulendo umodzi wokha, tidzaionenso ikabwera. Ndinawaonetsa chithunzicho n'kuwafunsa ngati angakweze ana awo m'menemo. Sanayankhe, anatuluka kukaimba foni.

Chimene chikundidya mumtima n'chakuti valavu imeneyi munthu mmodzi amainyamula m'manja, ndipo kuisintha ndi ntchito ya shifiti imodzi. Chifukwa chakuti wina muofesi anaona kuti kusunga sipeyala pa shelefu ndi kugoneka ndalama, lero injini yathunthu yatsika paphiko. Ndipo nkhani si valavu yokha. Kangati ndaona ndege ikufika pa geti n'kuzimitsidwa mphindi zitatu za idle, zoti injini ingolira pang'onopang'ono, zisanakwane, chifukwa oyendetsa akuthamangitsidwa ndi nthawi? Mphindi zimenezo ndi zoti kutentha kwa zitsulo kulingane moto usanazime. Sindiwadzudzula kwambiri oyendetsawo, amene amalemba ndandanda ya maulendo ndi omwewo amene amakana kugula masipeyala. Koma zipsera zake timaziona ndife, pa sikirini, pakati pa usiku.

Lachinayi lonse linathera pa kutsitsa injiniyo ndi kukweza yobwereka. Tinamaliza kuyesa kukucha, miyendo ili zii. Pokwera minibasi mnyamata wa ku Chipata uja anandifunsa chifukwa chimene mabuledi a fan amalirira kuti keche keche mphepo ikamawazunguza injini ili chizimire. Ndinamufotokozera kuti matsinde ake amasiyidwa ogwejema dala m'mipata yawo, amakhazikika okha injini ikathamanga. Analemba m'kabuku kake ali chiimire pa siteji, ndipo pa sabata yonseyi chimenecho chokha n'chimene chinandisangalatsa.

Lachisanu madzulo nditangolowa, wa ku stores anandikodola. Valavu ija inali itafika, ili m'katoni yake, pepala lake lili pamwamba. Anandifunsa kuti aipereke pa ndege iti. Ndinamulozera injini yomwe inali pa sitandi pakona, yokutidwa pulasitiki, ikudikira lole yopita nayo ku shopu. Anaibweza katoniyo pa shelefu, ine n'kupita kukayamba matayala a ndege ya Durban.