Sensa inkati kukuzizira, injini ikuwotcha

Lolemba m'mawa, chisanu cha mu June chikuluma zala, pagalaja yathu ku Booysens panafika Polo Vivo yoyera. Eni ake ndi bambo wa ku Mangochi amene amanyamula anthu pa Bolt muno mu Johannesburg. Atandimva ndikulankhula Chichewa ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, nkhope yawo inamasuka.

"Achimwene, galimotoyi yandimaliza. Mafuta ikumwa ngati lole, ndiye ikatentha n'kuizimitsa, kuti ilirenso ndi nkhondo."

Anali atapita kale kwina, kumene anawasinthira mapulagi ndi coil. Ndalama zinapita, vuto linatsala. Zotere zimandiwawa, chifukwa munthu wa Bolt mafuta akachuluka ndiye kuti kumudzi mwezi umenewo satumizako kanthu.

Ndinalumikiza sikana, chipangizo chowerengera kompyuta ya galimoto, koma code yosonyeza vuto sindinapeze, mwina kwinako anafufuta. Ndinaisiya injini ilire mpaka paipi yapamwamba ya rediyeta yosagwirika, kenaka n'kuyang'ana zimene kompyuta ya galimoto ikuwerenga. Inkati madzi ali pa madigiri 41, pamene injini yotentha bwino imakhala cha m'ma 90. Kompyuta ikamaganiza kuti injini ikadali yozizira, imathira petulo wambiri monga imachitira m'mawa. Utsi wakuda ndi kuvuta kulira kuja zinkachokera pamenepo.

Galimoto inagona pagalaja. Lachiwiri tisanailize, ndinayerekeza sensa yoyeza kutentha kwa madzi ndi ya mpweya wolowa mu injini, popeza galimoto yogona usiku wonse ziwirizi zimayenera kufanana. Ya mpweya inkati 6, ya madzi 3. Mnyamata uja anati, "Abwana, ndiye kuti ili bwinotu." Ndinamukhazika pansi, chifukwa apa m'pamene ambiri amasocherera.

Sensa ya madziyi ikazizira ma ohm ake (muyeso wa mmene ikutchingira magetsi) amakwera, ikatentha amatsika. Pa madigiri 20 amakhala pafupifupi 2,500, pa 80 amatsikira cha m'ma 300. Kompyuta imatumiza magetsi a mavolti 5 n'kuona mmene abwerera. Tsono panjira pakakhala dzimbiri lowonjezera ma ohm mazana angapo, m'mawa silioneka kwenikweni chifukwa manambala ndi aakulu kale. Koma injini ikatentha, dzimbiri lomwelo limaposa sensa yeniyeniyo, kompyuta n'kunamizika. Waya akanaduka tikanaona -40 ndi code ya P0118, ntchito ikanaphweka. Zovuta ndi zotere, zonama pang'ono.

Lachitatu tinaichotsa sensayo injini itazizira, n'kuviika nsonga yake m'madzi a m'ketulo. Kuno madzi amawira cha pa 94, osati 100, chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700. Maltimita, chipangizo choyezera magetsi, inaonetsa ma ohm pafupifupi 200, monga ziyenera kukhalira. Nditasuzumira ndi tochi m'pulagi yake yolumikizira mawaya, timapini tinali tobiriwira, tonyowa. Madzi ankadontherera kudzera m'sensa momwemo. Nditawafunsa bambo aja pafoni, anavomera kuti akhala akuwonjezera madzi a pampopi okhaokha, opanda antifreeze, mankhwala amene amatetezanso ku dzimbiri.

Akanangogula sensa yatsopano n'kuilumikiza pa pulagi yowola ija, akanabweranso sabata yomweyo. Tinasintha zonse ziwiri pamodzi ndi O-ring, mawaya ndinawotcherera ndi solder, osati kungopota n'kukulunga tepi.

Lachinayi linathera pa mabuleki a Quantum ndi clutch ya bakkie ina, za Polo tinangotsuka rediyeta, kuthira antifreeze ndi kutulutsa mpweya m'mapaipi. Oyilo ankanunkha petulo, ndiye ndinakana kuibweza galimotoyo osamusintha. Mapulagi amene anawasinthira kwina aja anali atadetsedwa ndi mwaye koma akadali atsopano, tinangowatsuka. Sindinafune kuti agulenso chinthu chimene anagula kale.

Lachisanu tinakwera M1 mpaka ku Sandton n'kubwerera, mnyamata atagwira sikana pamiyendo akuwerenga mokweza: 70, 82, 89, n'kukhazikika pomwepo. Titafika ndinaizimitsa, n'kudikira mphindi 10, n'kupereka kiyi kwa eni ake.

"Ilizeni nokha, bambo."

Inalira kamodzi. Anaizimitsa n'kuilizanso, kenakanso kachitatu, asanatsike kudzafunsa za mtengo.