Mphete zoti sikopu isayende mfuti ikakankha

Mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo paphewa, koma sikopu, chipangizo cha magalasi choonera patali chomangidwa pamwamba pa mfuti ndi mphete ziwiri, imafuna kutsalira pomwe inali. N'chifukwa chake pa mfuti yamphamvu ngati .375 H&H sikopu imatsetserekera kutsogolo mkati mwa mphete zake, pang'onopang'ono, mpaka zipolopolo zimayamba kugwera kwina. Sikopu ikalemera, vutoli limakula. Ambiri amathamangira kumangitsa masikuluwu, pomwe cholakwika chimakhala kusankha mphete ndi kuziika.

Ndisanagwire chilichonse ndimachotsa zipolopolo, ndi bolt yomwe, chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope. Kenako ndimayeza thupi la sikopu. Pali la inchi imodzi, lomwe ndi mamilimita 25.4, pali la 30 mm, palinso la 34 mm. Mphete iyenera kukhala ya muyezo womwewo, osati yothinitsa ndi tepi kapena kachidutswa ka chubu cha njinga.

Ndimayang'ananso pomwe mphete zikakhale, pa kanjanji ka mipata komangidwa pamwamba pa mfuti. Mipata ya kanjanji ka Picatinny ndi 5.23 mm m'lifupi, ya Weaver ndi pafupifupi 4.6 mm. Mphete za Picatinny nthawi zambiri sizilowa pa Weaver. Za Weaver zimalowa pa Picatinny, koma kachitsulo kopingasa kamene kali pansi pake kamasewera mumpatamo. Apa pali kanthu kamene ambiri amaiwala: ndisanamange, ndimakankhira mphete iliyonse kutsogolo, kumbali ya mpope, mpaka kachitsuloko kagunde khoma la mpata. Mukapanda kutero, mfuti idzazikankha yokha chipolopolo chilichonse, ndipo mudzadabwa kuti sikopu yomwe munayikonza dzulo yasokonekera bwanji. Pa mfuti ya CZ 550 palibe kanjanji. Pamwamba pa mfutiyo panasemedwa msewu wa 19 mm, ndipo kumbuyo kuli kamphako kolowamo dzino la mphete. Mphete yopanda dzinolo pa mfuti imeneyi sindiyilola.

Pa mfuti yokankha kwambiri ndimakonda mphete zachitsulo, kapena za aluminiyamu wolimba wa 7075, zazikulu m'lifupi, za masikuluwu anayi pachivindikiro chilichonse (mbali yam'mwamba ya mphete). Chimene chimagwira sikopu ndi kukula kwa malo amene mphete yakhudza thupi lake. Kutalika kwake ndimasankha zazifupi momwe zingathekere: galasi lakutsogolo lisiye mamilimita awiri kapena atatu pamwamba pa mpope, chogwirira cha bolt chizidutsa osagunda kumbuyo kwa sikopu, tsaya lizikhala bwino pamtengo wa mfuti.

Mphete zatsopano zimabwera ndi mafuta oteteza dzimbiri, ndipo mafutawo ndiwo amatereretsa. Ndimapukuta ndi sipiriti mkati mwa mphete, thupi la sikopu, masikuluwu ndi maenje ake, n'kusiya ziume. Masikuluwu omangira kanjanji pamfuti ndimawadontheza Loctite 243, guluu wabuluu woletsa masikuluwu kumasuka. Pa masikuluwu a zivindikiro sindiika, chifukwa akadali wamadzi amatereretsa sikuluwu, ndipo mumafinya sikopu kuposa momwe mukuganizira.

Ndikamanga mbali zam'munsi, ndimagonekamo sikopu popanda zivindikiro. Iyenera kukhala pansi pa mphete zonse ziwiri n'kumatembenuka mosavuta. Ikamakakamira, ndiye kuti mphetezo sizinalunjikane, ndipo zidzangogwira m'mphepete, n'kusiya zipsera pathupi la sikopu. Pamenepo ndimazipala ndi lapping bar, ndodo yachitsulo yobulungira, ya muyezo womwewo yopakidwa phala lonolera, mpaka gawo lalikulu la mkati liwale, kenako n'kutsuka phala lonse. Mphete za Burris Signature zili ndi tizidutswa tapulasitiki mkati timene timadzilunjikitsa tokha, zimenezo sizipalidwa.

Mtunda wa pakati pa diso ndi sikopu ndimauyeza mfuti ili paphewa, sikopu itakwezedwa pa mphamvu yake yonse. Pa .375 ndimafuna masentimita 9 kapena 10, chifukwa sikopu yoyandikira imang'amba nsidze. Mphete zisakhale pafupi kwambiri ndi pakati pamene pali zopotokolera zokonzera sikopu, kapena pomwe thupi layamba kukula.

Pomanga zivindikiro ndimayenda mopingasa, pang'ono uku pang'ono uko, ndikuyang'ana kuti mpata wa kumanzere ulingane ndi wa kumanja. Zivindikiro zikakhudzana ndi mbali zam'munsi, mpheteyo yaleka kufinya sikopu. Opanga ambiri amapereka mphamvu yomangira ya ma inch-pound 15 mpaka 18, omwe ndi pafupifupi 1.7 mpaka 2 Nm, ndipo ndimatsatira nambala yolembedwa papepala la mphete ndi la sikopu pogwiritsa ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Dzanja lokha limanamiza. Mukapitirira, thupi la sikopu limafwanyika, zam'kati zimakakamira, mukapotokola, chizindikiro cholozera cha mkati mwa sikopu sichiyenda momwe chiyenera. Sikopu yolemera ikamaterera ngakhale zonse zili bwino, ndimawaza ufa pang'ono wa rosin, utomoni wouma wa paini, mkati mwa mphete.

Pomaliza ndimajambula kamzere ka pensulo pathupi la sikopu, m'mphepete mwenimweni mwa mphete, kutsogolo ndi kumbuyo. Ndimawombera zipolopolo khumi kapena kuposerapo, n'kuyang'ana. Kamzere kakumbuyo kakalowa pansi pa mphete, kakutsogolo n'kutalikira, sikopu yayenda.

Mfuti za mpweya za sipiling'i ndi zina. Izo zimagwedeza mbali ziwiri, ndipo mphete zimayenda chobwerera m'mbuyo pamsewu wa 11 mm. Pamenepo ndimaika chogwirira chimodzi chathunthu chokhala ndi kamsomali kolowa m'dzenje la pamwamba pa mfuti, n'kuchikokera m'mbuyo mpaka kamsomaliko kagunde ndisanamange.