Sabata ya mpikisano wa zisudzo

Ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera, ndipo kalabu ya zisudzo ili m'manja mwanga. Sabata yathayi inali yomaliza kukonzekera mpikisano wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi lomwe kwa zaka zambiri lakhala likupikisanitsa sukulu za sekondale pa zisudzo. Masewero a kumeneko amachitika m'Chingerezi, ndipo ntchito yanga yonse yagona pamenepo, chifukwa ana anga amakwiya, amalira ndi kuseka m'Chichewa.

Sewero lathu analemba ndi anawo, ine ndinangokonza galamala. Ndi la mtsikana amene bambo ake akufuna kumukwatitsa kwa munthu amene anawakongoza ndalama za feteleza pa katapila. Mtsikanayo ali ndi zaka 16, pomwe kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ambiri mwa anawa nkhani yotere anaiona ndi maso kumudzi kwawo.

Lolemba titaweruka tinakankhira madesiki kukhoma m'kalasi ya Fomu 3 n'kuyamba kuyeserera. Mawu onse anali ataloweza, koma sewero linali lozizira. Mnyamata wosewera bambo ankakalipira mwana wake ngati akuwerenga chidziwitso pa asembule. Ndinawaimitsa.

"Ikani mapepala pansi. Gawo lomweli mulichite m'Chichewa."

"Sala, nanga si majaji amachotsa malikisi?"

"Muno mulibe majaji. Yambani."

Zimene zinachitika sindidzaziiwala. Mnyamata uja anakhala pa chitini chomwe timayesa mpando, n'kuyang'ana kumbali osayang'ana mwanayo, monga amachitira bambo amene akudziwa kuti akulakwa. Anayankhula motsitsa mawu: "Iwe, ngongole ija ndibweza ndi chiyani?" Mtsikana wa Fomu 2 wosewera mwanayo anagwada chapatali, manja ali pamaondo, n'kuyankha kuti "Bambo, mayeso atsala pang'ono," kenako mawu anamuthera. M'kalasi munangoti zii. Apo ndinawauza kuti abwerere ku Chingerezi, koma thupi alisiye momwemo: kugwada kuja, kuyang'ana kumbali kuja, kachetechete uja. Chingerezi chinayamba kumveka ngati cha anthu amoyo. Aphunzitsi anzanga ena sagwirizana nayo njira imeneyi, amati ndikuchedwetsa ana kuzolowera chilankhulo cha mayeso. Ine ndimaona kuti mwana amene wamva mawu m'mtima sawaiwala, ndipo pa MSCE, pomwe kulephera Chingerezi ndi kutaya satifiketi, mwana wotereyu amalemba chimangirizo chomveka.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za mawu basi. Pa siteji yotere sudalira maikolofoni. Ndinawatengera ku bwalo la mpira, osewera ali pa golo ili, ine pa golo linalo, ndipo mawu amene sanandifike ankabwerezedwa. Chovuta n'kuwaphunzitsa kusiyana kwa kukweza mawu ndi kukuwa. Wokuwa amasasa mawu tsiku lisanafike. Mawu ayenera kuchokera m'mimba.

Lachinayi kunabwera vuto lomwe sindinaliyembekezere. Mtsikana uja sanabwere kusukulu, ndipo anzake anati amayi ake amuletsa ulendo, ati zisudzo zimalowetsa atsikana m'makhalidwe oipa. Ndinapempha mphunzitsi mnzanga wamayi kuti tipite limodzi. Tinawapeza akupeta chimanga pakhonde, anatiyalira mphasa, ndipo titapatsana moni anayamba okha.

"Aphunzitsi, ine mwana wamkazi ndili naye mmodzi yemweyu. Akabwera usiku ndani amuperekeze?"

"Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Madamu awa akhala naye tsiku lonse, ndipo pobwera timufikitsa pakhomo pano."

Anafunsa kuti sewerolo likunena chiyani. Mwanayo atawafotokozera m'Chichewa, anaika lichero pansi, n'kukhala chete kanthawi. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chakale ndi duku, ati amayi a m'sewerolo avale zimenezo, osati zatsopano, poti mayi wa ngongole savala chitenje chowala.

Lachisanu ahedi anavomera kulipira lole, makolo a komiti anasonkha za chakudya. Madzulo ndinawafotokozera anawo za malemu Du Chisiza Jr, kuti naye anayambira pa mpikisano wa sukulu ngati womwewu, akuphunzira ku HHI ku Blantyre, napambana mu 1982, ndipo mu 1987 anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata Ensemble Theatre. Masiku amenewo sewero linkayamba ladutsa ku bungwe lounika mabuku ndi zisudzo lisanaonetsedwe, ndiye olemba ankabisa mfundo m'mafanizo. Ndinkafuna adziwe kuti siteji akukakwerayo inaumba anthu, ndipo ufulu wonena za katapila ndi maukwati a ana poyera sunalipo kale.

Loweruka tinanyamuka mbandakucha, mtondo, mphasa ndi chitseko cha makatoni zili m'lole momwemo. Holo inali yodzaza, ana a sukulu zina akuimba ndi kuwowoza. Kuseri tinathira bambo uja ufa kumutu kuti aoneke wa imvi, makwinya tinajambula ndi khala. Sukulu zogonera zinabwera ndi zovala zosokedwa bwino ndi Chingerezi chosalala, ndipo ndinaona ana anga akuyamba kufota. Titangokwera, mvula inayamba kugunda pa malata. Apa ndi pomwe bwalo la mpira lija linatipulumutsa: mawu anafika mpaka kumbuyo. Pa gawo logwada lija holo yonse inatonthola, ndipo mtsikana wina wa sukulu ina anafuula kuti "Usalole!"

Tinakhala achitatu. Majaji anayamikira mayendedwe a pa siteji ndi mmene ana analowera m'magawo awo, koma anati katchulidwe ka "l" ndi "r" kankasokoneza mawu ena, komanso gawo la kwa amfumu linatalika. Zonsezo n'zoona, ndipo ndazilemba m'kope langa.

Tinamufikitsa mtsikana uja pakhomo cha m'ma 8 koloko usiku. Amayi ake anali panja ndi tochi, akudikira. Chitenje chija anati tisunge ku kalabu.